Nkhata, Mtsuko ndi Kaliyala: Mbiri ya Kusenza ku Chongwe

Dera lomwe lero ndi boma la Chongwe, pamodzi ndi mtunda wonse wozungulira Lusaka, lakhala ndi anthu olima ndi osula zitsulo kwa zaka zoposa 1,000, koma gudumu lafikamo dzulodzuloli. Njanji inafika pafupi ndi mudzi wa Lusaaka mu 1905, chaka chomwe Bambo Julius Torrend anatsegula mishoni ya Kasisi, ndipo ngolo za ng'ombe zinabwera ndi azungu a mafamu m'zaka zomwezo. Izi zisanachitike, chilichonse chofunika kuchoka pano kupita apo, kaya mapira, mchere, makasu, madzi kapena minyanga ya njovu, chinkayenda pamutu kapena paphewa pa munthu. Tikamakamba zakale timatchula mafumu, nkhondo ndi kusamuka kwa mitundu, koma za khosi lomwe linasenza chuma chonsecho sitinenapo kanthu. Chonsecho kusenza ndiyo sukulu yaikulu kuposa zonse imene anthu a kuno anaphunziriramo kulamulira thupi kuti lisagwe, ndipo sukuluyi inapatsa ophunzira ake luso ndi zilonda zomwe.

Sikuti makolo sankadziwa kuweta. Pamtunda ng'ombe zimakhala bwino, koma njira zamalonda zinkatsikira kuzigwa za Zambezi ndi Luangwa, komwe kashembe amapha ng'ombe. Mtsinje wa Chongwe weniweniwo umatsetsereka m'mapiri mpaka kukathira mu Zambezi, ndipo tinjira ta kumeneko ndi ta phazi limodzi, tokhotakhota, todzaza miyala yogubuduka. Ngolo sikanadutsamo. Ofukula zakale anapeza mapale a miphika ndi zotsalira za ng'anjo pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, za zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Pa Ingombe Ilede, kufupi ndi pomwe Lusitu amathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anatulukira manda okhala ndi mitanda yamkuwa, mikanda yagolide ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Mabwato ankathandiza pamtsinje, koma pomwe bwato lalekezera, wina ankapinda nkhata.

Chifukwa chosankhira mutu aliyense amene anatungako madzi akuchidziwa. Katundu wa m'manja amakokera thupi mbali imodzi, wa kumsana amaweramitsa. Wa pamutu amatsika molunjika, kudzera m'khosi, msana ndi chiuno mpaka kumapazi, ndipo mafupa ndiwo amamulandira. Manja amatsala omasuka kugwira khasu kapena kupatula udzu, kumsana kumatsala malo a mwana. Vuto lake n'lakuti katundu akakwera pamwamba chotero, kupendekeka pang'ono kumakula msanga. Wosenza ayenera kukumva kusanakule, n'kukukonza iye asanaganize n'komwe. Luso lonse lagona pamenepo, ndipo palibe mwana amabadwa nalo.

Kamtsikana ka zaka zinayi kapena zisanu kamatsatira amake kudambo ndi kachitini, katagwira ndi manja onse awiri, madzi akukhavukira kumaso. Pofika kunyumba theka latayika, koma palibe amakakalipira, pakuti pa msinkhu umenewo chofunika si madziwo ayi. Kumasanje ana amapitiriza okha, kusenza tinkhuni ndi timiphika, kuseka amene wagwetsa. Kachitini kamasanduka kapoto, kapoto kamasanduka kandowa. Amaphunzira kupinda nkhata ya udzu, ya masamba a nthochi kapena ya kansalu, yomwe imachita ntchito ziwiri: kufewetsa paliwombo, ndi kupatsa mtsuko, womwe pansi pake n'pozungulira, malo okhazikika pamutu womwenso ndi wozungulira. Amaphunzira kuthyola masamba n'kuwayandamitsa pamwamba pa madzi kuti asamavinevine. Amazindikira yekha kuti ndowa yosadzaza imavuta kuposa yodzaza, chifukwa madzi ake amathamangira mbali imodzi n'kukoka mutu.

Malangizo a akuluakulu ndi ochepa ndipo sasintha. "Wongola khosi, mwanawe." "Usayang'ane kumapazi, yang'ana komwe ukupita." Potsetsereka amamuuza kufupikitsa mapazi, powoloka mtsinje amamuuza kuponda kaye n'kumva ngati mwala wakhazikika. Dzanja limodzi limayamba latsika, linalo likugwirabe m'mphepete mwa ndowa. Pamapita miyezi, mwina zaka, lachiwiri lisanatsike. Tsiku lomwe mtsikana wadendekera koyamba kuchokera kuchitsime mpaka pakhomo amalikumbukira, ndipo anzake amaliona. Kuyambira pamenepo amatha kucheza akuyenda, kutembenuka kuti ayankhe moni, ngakhale kugwada pang'ono popereka ulemu kwa apongozi, mtsuko uli phee. Chimodzi chokha sachita yekha ngati katundu walemera: kutwika ndi kutula. "Nditwikeni, achemwali," ndi mawu omveka pachitsime chilichonse, ndipo m'pomveka, chifukwa nthawi yokweza ndi yotsitsa ndi imene khosi limakhala pangozi kwambiri.

Zomwe zimachitika m'thupi la mwana ameneyu madokotala anazimvetsa mochedwa. M'kati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, ndi timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso. Mutu ukatembenuka madziwo amatsalira m'mbuyo pang'ono n'kukankha timaubweya tomwe timatumiza uthenga ku ubongo; mutu ukapendekeka timiyalato timasuntha. M'zaka za m'ma 1820 Mfalansa wina, Pierre Flourens, anaona kuti nkhunda zovulazidwa timachubu timeneti zinkalephera kuima ndi kuuluka bwino ngakhale zinkamva phokoso. Robert Bárány wa ku Vienna analandira mphoto ya Nobel ya 1914 chifukwa chofufuza chiwalo chomwechi mwa anthu. Khutu ndilo gwero loyamba la uthenga wa kukhazikika kwa thupi; lachiwiri ndi maso. Lachitatu ndi mitsempha ya kuphazi, m'kakolo, m'mawondo ndi m'minofu, yomwe imauza ubongo pomwe chiwalo chilichonse chili ngakhale munthu atatsinzina. Charles Sherrington wa ku England anailongosola mu 1906. Timinofu ta kunkhongo, pomwe mutu walumikizana ndi khosi, tili ndi mitsempha yotereyi yochuluka kuposa minofu yambiri ya m'thupi. Mauthenga onsewa amakumana m'kachigawo ka ubongo ka kunkhongo, komwe kamaphunzira mwa kulakwitsa: kamayerekeza chomwe thupi limafuna kuchita ndi chomwe lachita, n'kukonza mawa lake.

Tsono taonani chomwe mtsuko umachita. Umaletsa munthu kuyang'ana pansi, motero mapazi amakakamizika kuwerenga njira okha, mchenga, muzu, dzenje la nyerere, mwala woterera. Umalanga kulakwitsa kulikonse nthawi yomweyo, chifukwa madzi amatayikira pamphumi. Umalemera pang'onopang'ono mwana akamakula. Ndipo phunziroli limabwerezedwa m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka. Mphunzitsi aliyense wa masewero atafunsidwa njira yophunzitsira thupi kukhazikika angatchule zomwezi: malo osasalala, maso osathandiza kwambiri, kulemera kokwera pang'onopang'ono, ndi kubwereza. Osewera mpira masiku ano amaimitsidwa ndi mwendo umodzi akuponyerana mpira, monga zilili m'ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, ndipo kafukufuku wa ku Norway wa mu 2008, pa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900, anaonetsa kuti matimu otsatira ndondomekoyi anachepetsa kuvulala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anaganga athu analibe kafukufuku, koma njira anali nayo.

Luso likakhala la phindu, ena amabwera kudzalidyera. M'zaka za m'ma 1800 malonda a minyanga ndi akapolo anakula pa Zumbo ndi pa Feira, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi. David Livingstone anafika pa Zumbo mu Januwale 1856 n'kupeza nyumba zamiyala za Apwitikizi zili mabwinja, ndipo iye yemwe sakanafikapo popanda amuna oposa 100 omwe mfumu Sekeletu inamupatsa, amene anasenza katundu wake. Patapita zaka Achikunda a Kanyemba ndi a Matakenya anadzaza chigwacho ndi mfuti, n'kumakwera kumtunda kwa Asoli ndi Ansenga kukasaka njovu ndi anthu. Munthu wogwidwa ankasenzetsedwa mnyanga, ndipo pofika kumsika onse awiri anali malonda.

Ulamuliro wa British South Africa Company unathetsa ukapolo, koma sunapumitse khosi. Msonkho wa nyumba, womwe unayamba m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, unkafuna ndalama, ndipo kwa mwamuna wa kumudzi njira yapafupi yopezera ndalama inali mtengatenga. Katundu wa munthu mmodzi ankayezedwa mapaundi 50 mpaka 60, omwe ndi makilogalamu 23 mpaka 27. Pakati pa njanji ndi Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, pali makilomita oposa 550, ndipo makalata, nsalu, mabokosi ndi zida za boma zinkayenda mtunda umenewu pamitu ya anthu, kudutsa mapiri ndi chigwa chotentha cha Luangwa. Bwana mwini ankayenda pamachila. Onyamula machila anali ndi luso lawolawo: ankayenera kuponda mogwirizana kuti mtengo usadumphe paphewa, kusinthana osaimitsa ulendo, ndipo nyimbo zomwe ankaimba zinali zoyendetsera mapazi.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndiyo inafikitsa zinthu poipitsitsa. Asilikali omenyana ndi Ajeremani a Paul von Lettow-Vorbeck kumalire a kumpoto ankadya chakudya chosenzedwa ndi anthu, ndipo wosenzayo ankafunikanso kudya, motero ulendo ukatalika mbali yaikulu ya ufa inkathera m'njira, n'kufunikanso anthu ena ochuluka. Ku Nyasaland amuna pafupifupi 200,000 anagwira mtengatenga, ndipo wolemba mbiri Melvin Page anasonkhanitsa zokumbukira zawo m'buku la The Chiwaya War. Ku Northern Rhodesia midzi yambiri inatsala ya amayi, ana ndi nkhalamba. Ku Mbala, komwe von Lettow-Vorbeck anatula zida pa 25 Novembala 1918, kuli chipilala chokumbukira amtengatenga 1,467 a dziko lino omwe anafa ndi zipolopolo, mabala ndi matenda. Amenewo ndi okhawo amene anawerengedwa. Anthu awa sanafe chifukwa chosadziwa kusenza. Anafa chifukwa cha njala, kamwazi, chibayo ndi mtunda umene thupi silingaupirire, ngakhale litaphunzira chotani.

Msewu wa Great East utatsegulidwa, ndipo mlatho woyamba wa pa Luangwa utamangidwa mu 1932, malole anayamba kulanda ntchito ya amtengatenga. Mu 1935 likulu la dziko linasamukira ku Lusaka, ndipo Chongwe, yomwe ili makilomita pafupifupi 45 kum'mawa, inakhala munda ndi nkhalango ya mzinda. Apa mbiri ya kusenza inagawikana pawiri, ndipo kugawikana kwake sikunali kwachilungamo. Katundu wolipidwa, wa mtunda wautali, amene amuna ankasenza, anakwera galimoto. Katundu wosalipidwa, wa tsiku ndi tsiku, madzi, nkhuni, chimanga cha kuchigayo, dengu la tomato wa kumsika, anatsala pomwe anali, pamutu pa mayi ndi mwana wake wamkazi. Patha zaka zoposa 90 chimangidwire mlatho uja, ndege zikutera pabwalo la Kenneth Kaunda m'boma lomweli, koma chigubu cha malita 20, chomwe ndi makilogalamu 20, chikuyendabe pamutu.

Asayansi anachita chidwi ndi amayi osenza pamutu mu 1986. Geoffrey Maloiy wa ku yunivesite ya Nairobi, Norman Heglund, Giovanni Cavagna, Richard Taylor ndi mnzawo wina anayeza mpweya womwe amayi a Chiluo ndi a Chikikuyu ankapuma akuyenda ndi katundu. Aluo amasenza paliwombo monga timachitira kuno, Akikuyu amakoleka lamba pamphumi katundu ali kumsana. Zomwe anafalitsa m'magazini ya Nature zinadabwitsa ambiri: mayi ankatha kunyamula katundu wolemera magawo 20 pa 100 alionse a thupi lake popanda kuwonjezera mphamvu yomwe amagwiritsa ntchito poyenda chimanjamanja. Katundu akafika magawo 70 pa 100, mphamvu inkakwera ndi theka, pamene asilikali onyamula zikwama zolemera chimodzimodzi kumsana inkakwera pafupifupi kawiri. Mu 1995 Heglund ndi anzake anafotokoza chifukwa chake. Poyenda, thupi limakwera pang'ono mwendo ukaima chilili, kenako limagwera kutsogolo, ndipo kugwako kumathandiza kukwera kotsatira, monga katungwe amene ukamukankha kamodzi amapita n'kubwera yekha. Munthu wamba amabweza motere pafupifupi magawo 65 pa 100 a mphamvuyo. Amayi osenza aja ankafika cha ku 80. Kayendedwe kosalala kamene timakaona pa mayi wodendekera, mutu osadumpha, chiuno chikulandira kugwedezeka konse, kali ndi masamu ake.

Nkhaniyi inakoma m'makutu mwa anthu ambiri, ndipo ine ndikuona kuti inakoma mopitirira. Amayi oyezedwa anali owerengeka chabe, koma mawu akuti mayi wa ku Africa amasenza kwaulere anafala ngati kuti akunena za onse. Mu 2010 Ray Lloyd ndi anzake anabwereza kuyezaku pa amayi 24 a Chixhosa ku South Africa, ena ozolowera kusenza, ena ayi. Anapeza kuti amayi ochepa analidi ndi kayendedwe kopulumutsa mphamvu, koma pogwirizanitsa onse, kusenza pamutu sikunali kopepuka kuposa kubereka katundu kumsana. Chomwe amayiwo ankadandaula nacho kwambiri chinali kupweteka kwa khosi. Funsani agogo aliyense ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana, adzakuuzani zomwezo popanda makina: khosi louma, mutu wowawa kunkhongo, dzanzi m'zala usiku. Mafupa a m'khosi ndi asanu ndi awiri, ang'onoang'ono, opangidwira kunyamula mutu wa makilogalamu pafupifupi asanu. Tinthu tofewa ta pakati pawo timaphwanyika pang'onopang'ono tikamapanikizidwa zaka makumi angapo.

Ngozi ina ndi ya mwadzidzidzi. Mu 1968 dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Salisbury, Laurence Levy, analemba mu British Medical Journal za amuna osenza matumba a makilogalamu pafupifupi 90 pamutu, omwe anathyoka kapena kuguluka khosi atapunthwa, ena n'kufa ziwalo, ena n'kumwalira. Wosenza dengu akaterereka amangolitaya, koma thumba lolemera chotero limamira pamutu n'kuupotoza lisanagwe. Luso la kukhazikika limateteza munthu mpaka pamalire ena ake. Kupitirira pamenepo, kulemera ndiko kumalamula.

Komabe anthu athu sanalione lusoli ngati goli lokha. Analitenganso kupita nalo pabwalo. Pachinamwali cha Achewa, anamwali amatuluka atasenza chingondo, chifanizo chadothi choumbidwa pamutu, n'kuvina nacho pamaso pa mudzi, ndipo zomwe anaphunzira panjira ya kuchitsime zimaonekera poyera. Pa Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, pali Makanja, chilombo chachitali kuposa tsindwi la nyumba. Za kudambwe saulula, koma zomwe woonerera aliyense amaona pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kapena kulikonse komwe Achewa anasamukira, n'zakuti Makanja saima malo amodzi. Amapondaponda nthawi zonse, kutsogolo, kumbuyo, chammbali, chifukwa miyendo yake ilibe phazi lotambalala kapena kakolo wokonzera kupendekeka. Njira yokha yosagwera ndiyo kusuntha mwendo n'kukauika pomwe thupi likugwera. Akamathamanga pafumbi, n'kutembenuka ng'oma ikasintha, amayi amalulutira chifukwa akudziwa kuvuta kwa chomwe akuonacho.

Amuna atasiya kusenza, luso lawo linasamukira panjinga. M'nthawi ya a Kaunda fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inkapanga njinga za Eagle, ndipo msewu wonse wa kum'mawa unadzaza mabelu. Lero aliyense woyenda mbandakucha pakati pa Chongwe ndi Lusaka amakumana ndi ogulitsa makala, matumba atasanjikizana pakaliyala mpaka kupitirira mutu wa wopalasa, ena atapingasa kumbuyo. Za mitengo yomwe ikutha chifukwa cha malondawa ndi nkhani yowawa payokha, ndipo opalasawo akuidziwa kuposa ife ogula. Koma taonani thupi lawo likugwira ntchito. Njinga imakhazikika ikamathamanga, ndipo wopalasa amaikonza mwa kukhotetsera chiwongolero mbali yomwe ikugwera. Ikalemera kumbuyo ndi pamwamba, gudumu lakutsogolo limapepuka n'kumafuna kunyamuka, ndipo pachitunda, pomwe liwiro latha, m'pomwe imavuta kwambiri. N'chifukwa chake amatsika n'kumakankha, phewa litatsamira matumba, thupi lonse litapendekera kunjinga. Lole ikadutsa pafupi, mphepo yake imakankha matumbawo, ndipo munthu amakhala ndi kamphindi kochepa zedi kuti abweze. Wophunzira sayamba ndi matumba asanu. Amayamba ndi limodzi, ndipo kumanga kwenikweniko, kuti kulemera kugawanike mofanana mbali zonse, amaphunzitsidwa ndi anzake.

Njinga yabweretsanso mpumulo weniweni. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe F.K. Day ndi Leah Missbach Day analiyambitsa mu 2005, linafika m'Zambia ndi njinga zoposa 20,000 za anthu osamalira odwala Edzi m'midzi, ndipo m'misewu yathu yokumbikakumbika ndimo munakhwimira njinga ya Buffalo, yomwe kaliyala wake anapangidwira makilogalamu 100. Ku Palabana, m'boma la Chongwe, alimi a ng'ombe zamkaka a m'kopaletivi ya kumeneko amatengera mkaka kumalo osonkhanitsira pa njinga zimenezi. Mkaka sudikira, ukachedwa padzuwa umasasa ndipo amaukana. Wosenza pamutu amafikitsa chitini chimodzi, wopalasa amafikitsa ziwiri kapena kuposa, m'nthawi yochepa. Ndipo phunziro lakale la ndowa yosadzaza labwereranso, pakuti chitini cha mkaka chosadzaza chimakankha njinga pokhota.

Palibe munthu wanzeru angalire kuti mijigo yayandikira midzi, kapena kuti wilibala ndi njinga zalanda mitu ntchito. Ine ndimakondwera ndikaona mtsikana akukankha zigubu m'malo mozisenza. Chondidetsa nkhawa ndi china: thupi limaiwala chomwe silikuchitanso. Munthu akamakalamba timaubweya ta m'khutu timachepa, ng'ala imaphimba maso, matenda a shuga amapha mitsempha ya kumapazi, minofu ya m'ntchafu imafota, ndipo mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amabweretsa chizungulire podzuka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, oposa magawo 80 pa 100 ali m'mayiko osauka ndi apakati, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Agogo akathyoka fupa la m'chiuno kumudzi, ndiye kuti ulendo wa ku Lusaka, ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena ku UTH, ndipo ambiri sayendanso monga kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti ife ana awo, pofuna kuwalemekeza, timawathandiza kufooka. "Khalani pansi, agogo, tichita ndife." Timawalanda tsache, khasu ndi kandowa, n'kuwasiya pamphasa tsiku lonse, kenako timadabwa akadzandira popita kuchimbudzi.

Umboni woti nkhalamba imatha kuphunziranso ulipo. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, John Campbell ndi Clare Robertson a yunivesite ya Otago anakonza m'zaka za m'ma 1990 ndondomeko yochitira kunyumba, ndipo anayamba kuiyesa pa amayi a zaka 80 kupita m'tsogolo. Kugwa kunachepa ndi magawo pafupifupi 35 pa 100. Zochita zake n'zosafuna ndalama: kudzuka pampando osagwira, kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma, kuyenda chammbali ndi cham'mbuyo, kuyenda chidendene chikugunda chala, kunyanyamphira, katatu pamlungu, kuwonjezapo kuyenda. Zonsezi zingachitike pakhonde, kapena pansi pa mtengo pomwe amayi amvano amakumana, ndipo mayi amene anadendekera zaka makumi anayi sangazione zachilendo. Chimtali ndi chitelele zimachita ntchito yomweyo, ndipo zili ndi ng'oma. Kwa ana nakonso, phada, jingo ndi waida zimaphunzitsa kakolo ndi khutu zomwe mtsuko unkaphunzitsa, popanda kupanikiza khosi, bola masukulu asamaone nthawi ya masewero ngati nthawi yosesa pabwalo.

Koma mbiri ya kusenza ku Chongwe sinathe, chifukwa imatsatira mvula. Chaka chilichonse, cha mu Okutobala, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera Asoli pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mitambo kuti itsike. Mvula ikavuta, mtsinje wa Chongwe umaphwa, damu la pafupi ndi tauni limauma, zitsime zosaya zimatha, ndipo mtunda wopita kumadzi umatalika. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo m'midzi yambiri ana omwe anali atazolowera mjigo wapafupi anabwerera panjira yaitali. Kale mwana ankakwera makwerero, kachitini, kapoto, kandowa, kenako mtsuko. Lero chotungira chomwe chili pakhomo lililonse ndi chigubu chachikasu chomwe munali mafuta ophikira. Ngakhale titatenga malire okoma mtima aja a mu 1986, omwe anayezedwa pa amayi akuluakulu ozolowera, mtsikana wolemera makilogalamu 30 sayenera kupitirira malita asanu ndi limodzi. Chigubu chodzaza ndi malita 20, magawo awiri mwa atatu a thupi lake lonse, pakhosi lomwe mafupa ake sanakhwime.